Funsani a Makaniko: Galimoto ikumisa m'mawa, utsi wakuda, petulo sakuchedwa kutha

Makalata atatu amene ndasankha ulendo uno akudandaula chinthu chofanana, galimoto yakale imene imavuta kudzuka m'mawa. Koma matenda ake ndi osiyana, nde werengani onse ngakhale galimoto yanu ikufanana ndi imodzi yokha.

FUNSO

Zikomo a Makaniko. Ine ndili ndi Toyota Corolla ya 1994, injini ya 4A-FE, ndakhala nayo zaka zambiri osandivutitsa. Koma miyezi iwiri yapitayi ndikailiza m'mawa imanjenjemera thupi lonse ngati izima, ikumisa, ku ekizozi kukutuluka utsi wakuda ndi fungo la petulo lowawa m'maso. Pakapita mphindi khumi imakhazikika ndithu koma petulo nde akutha, thanki imene inkanditengera masabata awiri pano sabata imodzi ndi theka yatha. Ndinasintha mapulagi, zinakhala bwino masiku anayi kenako zinayambiranso. Wina anati ndi oxygen sensor, ndinagula, palibe chasintha. Pano akundiuza kuti ndigule kompyuta ina ya injini. Ndithandizeni ndisanataye ndalama zina.

Mwini Corolla

YANKHO

Achimwene, kompyuta ija musagule kaye chonde. Pa zinthu zonse zimene zingachititse zimenezi kompyuta ili kumapeto kwenikweni, ndipo zimandiwawa kuona munthu akugula chinthu pambuyo pa chinthu palibe ndi mmodzi yemwe amene wayeza kanthu.

Tiyambe ndi mmene injini imadyera. Kuti petulo apse bwinobwino pamafunika mpweya wolemera ka 14.7 kuposa petuloyo. Petulo akachuluka kuposa pamenepo ndi zimene amakaniko timati injini ikuyenda rich, wina sapsa, amatuluka ngati utsi wakuda ndipo wina amatsalira ngati mwaye pa mapulagi. Koma m'mawa injini ili yozizira imafunadi petulo wambiri, chifukwa petulo wozizira sasanduka nthunzi msanga, amangomatirira m'makoma a manifold, mapayipi olowetsa mpweya mu injini, ngati mame, nde kompyuta imawonjezera dala kuti amene wafika mu silinda akwanire kuyaka. Izi nzabwinobwino. Vuto limabwera ikawonjezera mopyola muyeso, kapena ikapanda kusiya injini itatentha kale. Nde funso lanu lenileni ndi lakuti ndani akuwonjezera petuloyo, kompyuta imene yanamizidwa ndi sensa, kapena petulo akungodontha yekha kompyuta osadziwa.

Za oxygen sensor ija, imene imayeza mpweya wotsala mu utsi wa ku ekizozi, sikanatha kukonza vuto la m'mawa. Sensa imeneyo siyamba kugwira ntchito isanatenthe kufika pafupifupi madigiri 300, ndipo injini ikangolira kumene kompyuta siimvera nkomwe, imayendera manambala amene inasunga kale ndi zimene ikumva kwa sensa ya kutentha kwa madzi. Nchifukwa chake simunaone kusintha.

Mapulagi anakuuzani kale zoona pamene anagwira masiku anayi okha. Sanali oipa, akudetsedwa ndi chinachake. Nde mawa m'mawa ilizeni mphindi imodzi yokha ikumisa choncho, izimitseni, tulutsani mapulagi onse anayi muwayale pa nsalu motsatana, 1, 2, 3, 4, osawasokoneza. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono ndipo youma. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma wofewa, umene ukaukhudza umatsala pa chala ngati ufa wamakala, ndi petulo wochuluka. Ikakhala yonyowa ikununkha petulo, silinda imeneyo sikuyaka. Ikakhala yakuda yonyezimira yomata, ameneyo ndi oyilo, nkhani ina. Tsono onetsetsani, ngati onse anayi ada mofanana vuto lili pa chinthu chimene chimalamulira onse, sensa kapena presha ya petulo. Ngati yada imodzi kapena awiri enawo ali bwino, yang'anani injector ya silinda imeneyo, kachipangizo kamene kamapopera petulo, ndi waya wa moto wopita ku pulagi yake.

Mmene mwafotokozeramu ine ndikukayikira kwambiri mbali ya kutentha kwa madzi, ndipo pali zinthu ziwiri pamenepo. Choyamba, mukamayenda mumsewu singano ya temperature imafika pati? Ngati imangokhala pansi, kapena imakwera mukaima kenako nkutsika mukathamanga, themositati yanu inatseguka osatsekanso, kapena wina anaichotsa. Anthu ambiri amachotsa poganiza kuti akuteteza injini kuti isawire, koma themositati ya injini ngati yanuyo imatseguka pafupifupi pa madigiri 82 ndipo ntchito yake ndi kuti injini itenthe msanga. Ikasowa, kompyuta imaona ngati tsiku lonse ndi m'mawa, nde imangothira petulo, mapulagi amada masana, mawa lake m'mawa amakanika kuyatsa bwino.

Chachiwiri ndi sensa yeniyeniyo. Apa ambiri amasokonezeka chifukwa zilipo ziwiri, ya waya umodzi imene imayendetsa singano ya pa dashibodi, ndi ya mawaya awiri imene imalankhula ndi kompyuta. Singano ikhoza kuonetsa bwinobwino pamene ya kompyutayo ikunama. Kuyeza kwake nkosavuta ngati muli ndi multimeter. Zulani pulagi yake, yezani ma ohm pakati pa timiyendo tiwiri ta sensayo. Injini ili yozizira, pa madigiri 20, muyenera kupeza pakati pa 2,000 ndi 3,000, ikatentha kufika madigiri 80 nambala imatsika kufika pafupifupi 300. Ngati injini yatentha koma mukupezabe masauzande, mwamupeza wakubayo. Ndipo musangoyeza sensa yokha, yang'anani mkati mwa pulagi yake. Ndinalandirapo galimoto ina imene eni ake anali atasintha sensa kawiri, nditazula pulagi ndinapeza timiyendo tili ndi dzimbiri lobiriwira ngati ndere, madzi a redieta ankadonthera pamenepo pang'onopang'ono. Dzimbiri limawonjezera ma ohm, ndipo kwa kompyuta ma ohm ambiri amatanthauza kuzizira, nde inkaganiza kuti kunja kuli chisanu choopsa. Tinatsuka, kumanga bwino, utsi unatha tsiku lomwelo. Choipa chake nchakuti sensa ikamanama koma nambala yake ili yotheka, nyale ya check engine siyaka.

Komabe funsani kompyutayo, palibe chimene mutaye. Pa ma Toyota a zaka zimenezo pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mkati mwake lumikizani timabowo ta TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi ifike pa ON osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyale ya check engine. Ikaphethira kawiri, kupuma, kawirinso, ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. 21 ndi oxygen sensor, 26 ndi petulo wochuluka. Ikamangophethira mofanana osapumira ndiye kuti palibe chimene yasunga.

Mbali ya madzi ikakhala bwino pitani ku petulo wodontha yekha. Kumapeto kwa payipi yachitsulo imene ma injector amamangidwapo kuli regulator, imene imasunga presha ya petulo pa mlingo wake, ndipo pamwamba pake pali kapayipi kakang'ono ka rabala kopita ku manifold. Kazuleni injini itangozima. Mkati muyenera kukhala mouma. Mukapezamo petulo ngakhale dontho limodzi, kachikopa ka mkati mwa regulator kang'ambika ndipo injini ikuyamwa petulo kudzera mmenemo. Kenako a makaniko anu aike geji ya presha, pa injini zoterezi imakhala pakati pa 2 ndi 3 bar, azimitse injini aone. Presha ikagwa msanga mumphindi zochepa penapake pakudontha, ndipo ngati pulagi imodzi ija inali yonyowa ndiye kuti injector yake imadontha usiku wonse, m'mawa silinda imadzuka itakhuta kale. Chizindikiro chake china ndi chakuti mukaisiya theka la ola itatentha imavutanso kulira.

Musaiwale tinthu tiwiri tosafuna ndalama. Fyuluta ya mpweya muitulutse muiyang'ane pa dzuwa, ngati kuwala sikudutsa yatsekeka. Ndipo 4A-FE imayeza mpweya ndi MAP sensor imene ili ndi kapayipi kake kochokera ku manifold, kapayipi kameneko kakang'aluka kapena kufewa sensa imaona ngati mwaponda moto pamene phazi lili pambali, nde kompyuta imatumiza petulo wa pa chitunda muli pa idling.

Pali chinanso chimene chimapusitsa ngakhale amakaniko akale. Moto wofooka wa pa mapulagi umaoneka ndendende ngati petulo wochuluka. Silinda ikapanda kuyaka petulo amatuluka osapsa, pulagi imada, komanso mpweya umene sunapse umadutsa pa oxygen sensor, iyo nkuuza kompyuta kuti petulo wachepa, kompyuta nkuwonjezeranso. Nde tsegulani chivundikiro cha distributor, imene imagawa moto ku mapulagi, muone ngati muli chinyezi, mng'alu kapena timizere takuda ngati tolembedwa ndi pensulo. Mawaya a mapulagi ayeseni mumdima, injini ikulira, uzirani madzi pang'ono ndi botolo la spray muli chapatali, mukaona timoto tabuluu tikudumpha kapena injini nkuyamba kumisa, mawayawo atha. Osawagwira ndi manja injini ikulira.

Mukapeza vuto nkukonza, tulutsani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, mununkhize. Injini imene yayenda rich miyezi iwiri imakhala ndi petulo mu oyilo, oyiloyo amapyapyala ndipo sateteza zitsulo, nde musinthe pamodzi ndi fyuluta yake. Ntchito zonse za petulozi muzichitira panja, opanda fodya kapena moto pafupi.

FUNSO

A Makaniko, ine ndine mayi, ndimayendetsa pikapu ya Datsun yakale ya kabureta imene anandisiyira malemu amuna anga. M'mawa ndimaponda moto kangapo ndisanailize monga ankachitira iwowo, koma masiku ano imangolira pang'ono nkuzima, kenako osaliranso, kununkha petulo basi. Ikalira imatsokomola ndi utsi wakuda. Mnyamata wina anapotokola masikuluwu a kabureta koma zangoipirapo. Sindikufuna kuigulitsa galimotoyi.

Mayi wa Datsun

YANKHO

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo, ndipo galimotoyo simukuyenera kuigulitsa chifukwa cha zimenezi, kabureta ndi chinthu chimene chimakonzeka ndi maso ndi manja basi.

Chimene chikuchitika m'mawa ndi chakuti injini ikumira mu petulo. Mukaponda moto injini isanalire, mu kabureta muli kapampu kamene kamalavulira petulo kukhosi kwake ulendo uliwonse, nde kuponda kamodzi kapena kawiri kumathandiza koma kuponda kasanu pa injini imene ikulandira kale petulo wambiri kumanyowetsa mapulagi. Ikamira choncho musapondeponde ayi. Bwezerani choko mkati ngati ndi chokoka ndi dzanja, pondani moto mpaka pansi kamodzi, phazi likhale pompo osalinyamula, lizani masekondi khumi, pumani theka la mphindi kuti sitata izizire, lizaninso. Mukatero mukulowetsa mpweya wambiri woumitsa masilinda. Ikangolira nyamulani phazi pang'onopang'ono.

Tsono chifukwa chake chenicheni. Chotsani chivundikiro cha fyuluta ya mpweya injini ili yozima, pamwamba pa kabureta muona kachitseko kachitsulo, chimenecho ndiye choko. Injini ikakhala yozizira kamatseka kuti mpweya uchepe petulo achuluke, ikangolira kayenera kutseguka pang'ono nthawi yomweyo, ndipo ikatentha kayenera kuima chilili, kotseguka konse. Ngati choko chanu ndi chokoka ndi dzanja, wina akoke ndi kubweza inu mukuyang'ana, nthawi zambiri waya wake umakhala utamasuka nde inu mwabweza mkatimo koma kachitseko katsala pakati. Ngati ndi chodziyendera chokha, pambali pake pamakhala kachitini kokhala ndi kapayipi ka vacuum kamene ntchito yake ndi kutsegula pang'ono kuja injini ikangolira, kakaboola injini imalira nkutsamwa pompo, ndendende mmene mwanenera. Kachitseko kakamakakamira ndi litsiro katsukeni ndi carb cleaner mpaka kaziyenda ndi chala chimodzi.

Choko chikakhala bwino, wotsatira ndi float. Mkati mwa kabureta muli kambale kosungira petulo, ndipo float imayandama mmenemo nkukankha kasingano kotseka petulo akadzadza. Kasingano kakadyeka, kapena kakakhala ndi kachitsotso, kapena float ikaboola nkumira, petulo amasefukira. Mukazimitsa injini yotentha yang'anani kukhosi kwa kabureta ndi tochi, mukaona petulo akudontha kapena nthunzi yoyera ikukwera ndiye kuti ndi zimenezo. Float yachitsulo mukaitulutsa muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva kukhuchumuka mkati yalowa petulo. Ma Datsun ambiri ali ndi kagalasi kutsogolo kwa kambaleko kokhala ndi kadontho kapena kamzere, petulo ayenera kulekezera pamenepo. Chonde musaike nkhope pamwamba pa kabureta wina akuliza injini kapena kuponda moto, imatha kulavula moto.

Ndikufunseninso, kodi pampu ya petulo inasinthidwapo kuikapo yamagetsi? Kabureta imafuna presha yochepa kwambiri, pafupifupi 0.2 mpaka 0.3 bar, nde wina akaikapo pampu ya galimoto ya ma injector imakankha kasingano kaja mwamphamvu petulo nkumangolowa.

Masikuluwu amene anapotokola mnyamata uja, imodzi ndi ya liwiro la idling, inayo ndi ya kasakanizidwe ka petulo pa idling pokha, sizingachiritse choko kapena float. Zimakhudzidwa komaliza, injini itatentha, zina zonse zitakonzeka, timing ya moto ndi ma point a mu distributor zili mmalo mwake. Pezani makaniko wachikulire amene anakulira pa makabureta azibwezeretse, ndipo ya petuloyo asaimange mwamphamvu chifukwa nsonga yake imapindika.

FUNSO

Bambo, yanga ndi Honda ya 2003. M'mawa imamisa masekondi makumi atatu okha kenako bwinobwino tsiku lonse. Pa makina oyezera galimoto inatulutsa code P0302. Mnzanga akuti ndi petulo wochuluka. Utsi wake ndi woyera osati wakuda, ndipo madzi a mu redieta ndimawonjezera sabata iliyonse koma pansi sipadontha.

Wowerenga wachinyamata

YANKHO

Mphwanga, chiganizo chako chomalizacho chandidetsa nkhawa. P0302 ikungonena kuti silinda yachiwiri ikumisa, sikunena chifukwa chake. Ikanakhala nkhani ya petulo wochuluka mwina ukanaonanso P0172, ndipo pa makina omwewo long term fuel trim, nambala yosonyeza mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa petulo, ikanakhala pansi pa ziro ndithu, kupyola -10, kusonyeza kuti kompyuta ikuyesetsa kuchepetsa petulo. Uione nambala imeneyo. Koma madzi osowa opanda podontha, utsi woyera, ndi kumisa kwa silinda imodzi kumene kumatha mumasekondi ochepa, zimenezi zimaloza ku gasiketi ya head, imene imatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Ukazimitsa injini madzi amakhala akadali ndi presha, nde usiku amalowa pang'onopang'ono mu silinda kudzera pa kamng'alu, m'mawa pulagi imakanika kuyatsa mpaka madziwo atatuluka.

Yamba ndi chosavuta kuti usatsegule injini pachabe. Sinthanitsa koyilo, imene imapatsa pulagi moto, ya silinda 2 ndi ya silinda 3, fufuta code, uone mawa. Ikasanduka P0303 vuto ndi koyilo ndipo wapulumuka, ngakhale za madzizo zifunikabe kufufuza. Ikakhalabe P0302 tulutsa pulagi ya silinda 2 m'mawa usanalize, ufanizire ndi zinzake. Pulagi imene ikukumana ndi madzi imakhala yoyera modabwitsa ngati yatsukidwa, ndipo ukawalitsa tochi pa bowolo mutu wa pisitoni umaoneka wowala pamene enawo ali akuda. Ku galaja akhoza kupopera presha mu redieta, kuisiya usiku, m'mawa nkuyang'ana mu silindamo, komanso pali mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini pakamwa pa redieta. Chitseko cha redieta usatsegule injini ili yotentha.

Utsiwo uuonenso bwino. Nthunzi yoyera yopyapyala imene imatha msanga m'mawa kozizira ndi ya galimoto iliyonse. Wa madzi a redieta umakhala wokhuthala, umachedwa kubalalika ndipo umanunkha motsekemera. Ukakhala wabuluu ndi oyilo amene akutsikira pa ma valve seal, timphira totchinga oyilo pa mavavu, usiku, nawonso amamisitsa m'mawa koma sathetsa madzi.

Usachedwe nayo nkhaniyi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, nde tsiku limene adzalowe ambiri mu silinda pisitoni idzawomba pamenepo nkupinda con rod, chitsulo chimene chimagwira pisitoniyo. Ukamva sitata ikuima mwadzidzidzi ngati yagunda khoma, usakakamize, tulutsa mapulagi kaye. Ndipo nyale ya check engine ikayamba kuphethira m'malo mongoyaka, ikukuuza kuti kumisako kwafika poti petulo wosapsa akuwotcha catalytic converter, chosefera utsi cha pa ekizozi, chepetsa moto upeze poima.